Masiku a timu amasungidwa ndi ndani?

Fodya wa bale amene amadzaza zigafa kwa Santhe, kwa Wimbe ndi ku Chamama mwezi wa Malichi si mbadwa ya ku Kasungu. Kwawo ndi ku America, m'mphepete mwa mtsinje wa Ohio. Mu 1864 alimi awiri, George Webb ndi Joseph Fore, ankalima pamunda wa munthu wina pafupi ndi katawuni ka Higginsport; kukadakhala ku Kasungu akadatchedwa matenanti. Pa nazale yawo padamera mbande zotuwa, zooneka zodwala. Mbewuyo italoledwa kukula, masamba ake adauma opepuka ndi owala, ogula n'kuwakonda. Pofika 1883 msika waukulu wa fodya ameneyu udali mumzinda wa Cincinnati, kumunsi kwa mtsinje womwewo.

Mzinda womwewu udabalanso china. Mu 1869, patangopita zaka zisanu chimerereni mbande zija, timu ya Cincinnati Red Stockings idakhala yoyamba pa masewera a baseball kulipira osewera ake onse poyera, mosabisa. Pa 4 Meyi chaka chimenecho idathambitsa anansi ake a Great Westerns 45 kwa 9. Mtsogoleri wake adali Harry Wright, wobadwira ku Sheffield ku England, koma wolandira zambiri adali mng'ono wake George: madola 1,400 pa nyengo yonse. Anyamata a masokosi ofiirawa adakwera sitima yapamtunda mpaka ku California, adasewera masewero 57 ovomerezeka, osagonjako ngakhale kamodzi. Adadzagwa chaka chotsatira, pa 14 Juni 1870 ku Brooklyn, pamene timu ya Atlantics idawaposa 8 kwa 7.

Patha zaka zoposa 150. Amene adaonera masewerowo adapita kalekale, ana awo ndi adzukulu omwe. Koma tsiku, bwalo, zotsatira ndi mayina a osewera zilipo, ndipo mwana wasukulu akhoza kuzipeza pafoni tiyi asanazizire. Ku Kasungu nako kudali timu imene idasewera mu ligi yaikulu ya dziko lino dzulodzuloli, pakati pa 2018 ndi 2022. Wofuna mbiri ya masiku ake ali ndi ntchito yolemera kuposa mwana uja.

Baseball si masewera ozolowereka ku Malawi, choncho afunika kuwafotokoza pang'ono. Timu imene ikutchinga imakhala ndi anthu 9 m'bwalo. Pansi pamakhala malo anayi oimapo, otalikirana mamita 27, pa ngodya zinayi. Woponya amaima pakati n'kuponya kampira kolimba, kokwana m'dzanja, kwa womenya wa timu inayo amene wanyamula chibonga chosalala. Akakamenya amaliyatsa liwiro kuzungulira malo aja, ndipo akabwerera pamene adayambira asanatulutsidwe, timu yake yapeza pointi. Omenya atatu akatulutsidwa matimu amasinthana. Zigawo zoterezi zimakhala 9. Za mphindi 90 kulibe. Akafanana mphamvu amangowonjezera zigawo mpaka wina agwe. Ku Brooklyn kuja a Cincinnati adagwera m'chigawo cha 11.

Masewera oterewa savuta kulemba. Pa mpira wamiyendo anthu 22 amathamanga nthawi imodzi, ndipo diso silingawatsate onse. Pa baseball zinthu zimabwera chimodzichimodzi: uyu waponya, uyo wamenya kapena waphonya, kenaka onse aima kudikira kuponya kwina. Wa pensulo amapeza mpata wolemba chilichonse. Adazindikira zimenezi msanga ndi Henry Chadwick, mtolankhani wobadwira ku Exeter ku England, amene poyamba ankalemba za cricket ku New York. Mu 1859 adasindikiza mu nyuzipepala ya New York Clipper kabokosi ka mizere ndi manambala: dzina la wosewera aliyense kumanzere, zimene wachita kumanja. Kabokosi kameneka, box score, kakadalipo mpaka lero. Chilembo K chimene Chadwick adasankha kuti chiimire womenya amene watulutsidwa polephera katatu, ochemerera amachikwezabe pa zikwangwani m'mabwalo.

Ndiye pali kuchuluka kwa masewerowo. Ligi yaikulu, Major League Baseball, ili ndi matimu 30, imodzi mwa iwo ya ku Toronto ku Canada. Timu iliyonse imasewera masewero 162 m'miyezi 6, kuyambira kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo mpaka Seputembala atatha. Ndiye kuti Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu akulimbana ndi timu imodzi, usiku akwera ndege, m'mawa mwake adzukira mumzinda wina. Ligi yonse imatulutsa masewero 2,430 pachaka. Timu ya Atlanta Braves idayambira ku Boston mu 1871 m'manja mwa Harry Wright yemwe uja, idasamukira ku Milwaukee mu 1953, kenaka ku Atlanta mu 1966, koma sidadumphepo chaka. Timu yotere ilibe tsiku lopanda nkhani m'miyezi yosewera. N'chifukwa chake mawayilesi, nyuzipepala ndi mabuku kumeneko adazolowera kagawo konena zimene zidachitika tsiku ngati lalero m'mbiri ya timu: lero mu chaka chakutichakuti uje adathyoka mwendo, lero tidagula woponya wakutiwakuti, lero mvula idaimitsa masewero tikutsogola.

Masiku ena amalemera kuposa anzawo. Pa 15 Epulo 1947 Jackie Robinson adalowa m'bwalo la Ebbets Field atavala yunifomu ya Brooklyn Dodgers, munthu wakuda woyamba kusewera mu ligi yaikulu patatha zaka zoposa 60 akuda atatsekeredwa kunja. Box score ya tsikulo ndi youma gwa: oonera 26,623, Dodgers 5, Boston Braves 3, Robinson adalephera maulendo atatu pomenya, koma adalowetsa pointi imodzi. Kapepalako sikanena za makalata omuopseza kapena mahotela amene ankamukana chaka chimenecho. Komabe poti tsikulo lidalembedwa, anthu ali ndi pogwira. Mu 1997 matimu onse adaleka kupereka nambala yake, 42, kwa osewera atsopano, ndipo kuyambira 2009 wosewera aliyense mu ligi amavala nambala imeneyi pa 15 Epulo.

Africa ili ndi tsiku lake m'kaundula yemweyu. Gift Ngoepe adakulira m'kachipinda ka pa kalabu ya baseball ya Randburg Mets ku Johannesburg, kumene mayi ake ankagwira ntchito. Pa 26 Epulo 2017 adasewerera Pittsburgh Pirates polimbana ndi Chicago Cubs, woyamba wobadwira mu Africa kufika mu ligi yaikulu, ndipo ulendo woyamba womwewo adamenya bwino mpira wa Jon Lester.

Fodya sadasiyane nawo masewerawa. Kuyambira zaka za m'ma 1880 makampani a ndudu ankaika timakadi ta zithunzi za osewera m'mapaketi, kuti ndudu zisathyoke komanso kuti anthu azigula. Pakati pa 1909 ndi 1911 American Tobacco Company idatulutsa makadi a mitundu yoposa 500. La Honus Wagner wa Pittsburgh Pirates lidaleka kusindikizidwa msanga chifukwa mwini wake adakana. Ena amati sankafuna kuti ana azigula ndudu posaka chithunzi chake, ena amati nkhani idali ya malipiro. Mu Ogasiti 2022 limodzi la makadi ochepa otsalawo lidagulidwa madola 7.25 miliyoni. Mlimi wa ku Mtunthama atati agulitse belo la makilogalamu 100 pa madola awiri pa kilo, angafunike mabelo 36,250 kuti afike pa mtengo wa kapepala kamodzi kameneko.

Ntchito yaikulu yosunga masikuwa adaigwira ndi anthu wamba, osati eni matimu. Mu Ogasiti 1971 anthu 16 adakumana ku Cooperstown, m'chigawo cha New York, n'kuyambitsa bungwe la Society for American Baseball Research. Mu 1989 David W. Smith, mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo pa University of Delaware, adayambitsa Retrosheet, gulu la odzipereka amene amatolera makope akale a atolankhani, a matimu, ngakhale a ochemerera amene ankalemba ali pampando wawo, n'kulowetsa zonse m'kompyuta. Salandira malipiro, ndipo zimene atolera aliyense amatenga ulere.

Ndi anthu a khama loopsa. Mu 1930 Hack Wilson wa Chicago Cubs adalembedwa kuti kumenya kwake kudabweretsa mapointi 190 m'nyengo imodzi, chiwerengero chimene wina aliyense sadachifikepo. Ofufuza atabwerera ku nyuzipepala zakale adapeza kuti pa 28 Julayi chaka chimenecho pointi imodzi idalembedwa molakwika pa dzina la mnzake, Charlie Grimm. Mu 1999 ligi idavomera n'kukonza: 191. Mwini wake adali atamwalira mu 1948, ali wosauka.

Pensulo, komabe, imalemba yekhayo amene woigwira akumuona. Pa zaka zimene akuda adatsekeredwa kunja adali ndi maligi awoawo. Yoyamba yokhazikika adaiyambitsa Rube Foster ku Kansas City mu 1920. Nyuzipepala zazikulu sizinkawalabadira kwenikweni. Za akuda, monga Chicago Defender ndi Pittsburgh Courier, zinkatuluka kamodzi pasabata ndipo sizikadatha kufika paliponse. Motero katswiri ngati Josh Gibson adatsala m'nkhani zapakamwa, zokambidwa kometera tsitsi, wina kuwonjezera apa, wina kuchotsa apo. Adamwalira mu Januwale 1947 ali ndi zaka 35, kutatsala miyezi itatu kuti Robinson alowe ku Ebbets Field. Ofufuza adatha zaka zambiri akufukula timabokosi ta m'nyuzipepala zong'ambika. Mu Disembala 2020 Major League Baseball idavomereza kuti maligi 7 a akuda a pakati pa 1920 ndi 1948 adali maligi aakulu, ndipo mu Meyi 2024 ziwerengero za osewera oposa 2,300 zidalowa m'kaundula. Gibson adapezeka pamwamba pa onse: pa maulendo 1,000 aliwonse omenya ankakhoza 372, kuposa 367 a Ty Cobb, amene adakhala pampandowo zaka pafupifupi 100.

Wa ku Kasungu safunika kuwoloka nyanja kuti amve nkhani yotere. Ili tsidya la malire, kuseri kwa nkhalango ya Kasungu National Park. Mu Disembala 2012 Lionel Messi adapitirira zigoli 85 zimene Gerd Müller wa ku Germany adamwetsa m'chaka chimodzi, ndipo adatseka chakacho ndi 91. Dziko lonse lili m'kati moombera m'manja, a ku Zambia adati dikirani: mu 1972, chaka chomwecho cha Müller, Godfrey "Ucar" Chitalu wa Kabwe Warriors adamwetsa 107. FIFA idayankha kuti sisunga ziwerengero za maligi a m'mayiko, choncho singatsimikize. Wofufuza wina wa ku Zambia, Jerry Muchimba, adafukula nyuzipepala za chaka chimenecho, kuwerenga chigoli chimodzichimodzi ndi tsiku lake, mpaka adalemba buku la moyo wa katswiriyu. Chitalu mwini sakadatha kudziyankhulira. Adafa pa 27 Epulo 1993 pa ngozi ya ndege kugombe la Gabon, ali mphunzitsi wa timu ya dziko lake, pamodzi ndi osewera 18.

Ku Malawi masiku a Flames ndiwo amasungika bwino, chifukwa masewero a pakati pa mayiko ali ndi alembi ambiri. Chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, 1979 ndi 1988. Zigoli 71 za Kinnah Phiri. Pa 11 Januwale 2010 ku Luanda, Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davie Banda adamwetsa Algeria wamkaka, 3 kwa 0. Pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé, Gabadinho Mhango adaponya mzinga wa kutali muukonde wa Morocco pa mphindi ya 7.

Za makalabu zimakhala kwambiri m'mitu ndi m'makutu. Mbadwo wonse udaonera mpira ndi khutu, kudzera m'mawu a owulutsa ngati Steve Liwewe Banda pa MBC, ndipo mawu a pawayilesi akatuluka amapita ndi mphepo. Mkangano wa Maule a Bullets ndi Manoma a Wanderers pa bawo umatha ndi amene ali ndi mawu okwera. Super League idayamba mu 1986, Bata Bullets n'kutenga chikho choyamba, ndipo mndandanda wa akatswiri a chaka chilichonse ulipo. Chovuta ndi zamkati: ndani adasewera Loweruka lakutilakuti, adatuluka mphindi iti, adalowa m'malo mwake ndani. Mayina a matimu nawo sakhazikika, amatsata thumba. Bullets, yobadwa mu 1967, yakhalapo Bata, Total, Bakili, Nyasa, lero FCB Nyasa. Wanderers, ya 1962, yakhalapo Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward, Mukuru. Fodya ali pomwepo: Limbe Leaf ndi kampani yogula fodya, Nyasa Manufacturing Company ndi yopanga ndudu. Thukuta la m'zigafa za m'chigawo chapakati lakhala likuveka yunifomu matimu a ku Blantyre. Ndipo dzina likasintha, komiti n'kusintha, ofesi n'kusamuka, katoni ya mapepala akale ndiyo imakhala yoyamba kuiwalika.

Chikho cha Super League sichidatulukepo m'mizinda iwiri ya Blantyre ndi Lilongwe. Ndicho chifukwa chake kukwera kwa timu ya kuboma kumakhala nkhani ya boma lonse. Kumapeto kwa 2017 TN Stars ya ku Kasungu, imene dzina lake lidachokera ku zilembo zoyamba za mwini wake Thomas Nyirenda, idapambana ligi ya m'chigawo chapakati ya Chipiku. Mu 2018 idalowa mu TNM Super League ndi mphunzitsi Meke Mwase. Idakhalamo nyengo zinayi: 2018, 2019, ya 2020 imene Covid-19 adaikankhira ku Novembala n'kuthera mu 2021, ndi 2022 pamene idaona msana wa njira. Ligi ya matimu 16 imapatsa timu iliyonse masewero 30. Kuphatikiza zonse, 120. Timu ya baseball imadutsa chiwerengero chimenechi Ogasiti asanathe, chaka chimodzi.

Koma masewero 120 amenewo sadali opepuka. Theka lake lidali la paulendo: makilomita oposa 400 kutsika M1 kupita ku Kamuzu Stadium, enanso oposa 400 kukwera kudzera ku Jenda, Mzuzu ndi mapiri a Chiweta mpaka ku Karonga, kupatula ku Nankhaka, ku Chitowe ndi kwina. Ambiri a pakhomo adaseweredwa pa Kasungu Stadium, ndipo amene adafikako tsiku limene kwabwera Maule kapena Manoma akudziwa mmene tawuni imasinthira. Akabaza amayamba kutuluka thukuta nthawi ya 11. Malole amatsitsa anthu ochokera ku Chatoloma ndi ku Nkhamenya, ena atavala zofiira, ena zabuluu, ambiri osadziwa kuti achemerere timu ya pamtima kapena ya pakhomo. Kunja kwa mpanda chiwaya chili thithithi, amayi ayala nzimbe ndi mtedza, anyamata opanda ya pakhomo akusaka mtengo wautali. M'kati, bambo wina wayang'ana m'bwalo koma khutu lili pa kawayilesi, akutsata zimene zikuchitika ku Silver Stadium. Munthu yemwe saoneka kawirikawiri m'chikhamu chotere ndi wa kope ndi cholembera.

Timu imeneyi idatulutsa anthu. Stain Davie adawalira ku TN Stars asanapite ku Silver Strikers ndi kuitanidwa ku Flames. Meke Mwase adachoka ku Kasungu n'kukatenga timu ya dziko mu 2019, ndipo pa 29 Malichi 2021, Richard Mbulu atamwetsa chigoli chogonjetsa Uganda pa Kamuzu Stadium, adaitengera ku mpikisano wa Africa kachitatu m'mbiri yake. Pa 14 Januwale 2022 ku Bafoussam, pamene Flames idagonjetsa Zimbabwe 2 kwa 1 ndi zigoli ziwiri za Mhango, Mwase ndiye adali pa benchi chifukwa Mario Marinica, amene adali atamulowa m'malo, adali atapezeka ndi Covid-19. Wolemba mbiri ya tsiku limenelo ayenera kudutsira ku Kasungu.

Chodabwitsa n'chakuti boma limeneli ndi la alembi. Ligi kawirikawiri imayamba mu Epulo, mwezi womwe msika wa fodya wa Chinkhoma umatsegulidwa, ndipo imatha mu Disembala mbande zili m'munda. Pamsikapo palibe belo lolowa popanda tikiti. Pa kapepalako pamakhala nambala ya mlimi kapena ya kalabu, nambala ya belo ndi kulemera kwake. Ogula akadutsa pamawonjezeka giredi, mtengo ndi amene wagula. Pambuyo pake mlimi amalandira chikalata chosonyeza zonse zimene zadulidwa: ya msika, ya kafukufuku, ya bungwe la alimi, ya ziguduli, ya mayendedwe, ngongole ya fetereza ngati ali pa kontirakiti. Amachipinda, kuchikulunga m'jumbo, kuchiika pansi pa sutikesi. Chiyambireni alimi ang'onoang'ono kuloledwa kulima bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kalabu iliyonse ili ndi mlembi wake ndi hadikava yake, ndipo tsoka kwa mlembi amene wasokoneza makilogalamu awiri a mnzake. Box score ya Chadwick ndi tikiti ya belo basi: dzina, nambala, zimene zatuluka, tsiku. Munthu amene angakuuzeni mtengo wa belo lake lachitatu la mu 2019 mpaka masenti ndi yemweyo amene amakanda mutu mukamufunsa amene adatchinga pagolo tsiku limene Bullets idabwera chaka chomwecho.

Chifukwa chake n'chosabisika. Pepala la belo lili ndi ndalama kumbuyo kwake. La mpira limaoneka ngati lilibe. Matimu a m'maboma amadalira thumba la munthu mmodzi kapena awiri, ndipo Lachisanu likafika mutu umakhala pa dizilo, malo ogona ndi alawansi ya anyamata. Kope silikhala pa bajeti. Si kuti palibe cholembedwa ayi. Woyimbira ndi woyang'anira masewero amatumiza malipoti awo kwa oyendetsa ligi. The Nation ndi The Daily Times zimalemba zotsatira, ngakhale timu ya kuboma nthawi zambiri imapatsidwa ndime ziwiri pansi pa nkhani ya matimu aakulu. Pa Facebook pali zithunzi ndi mindandanda ya osewera, koma tsamba limafa tsiku limene woliyendetsa wataya foni. Zonse zilipo, zomwazikana, ndipo palibe buku limodzi limene mwana wa ku Chayamba Secondary School angatsegule.

Komatu ndalama zilipo kumbuyo kwa pepala la mpira, kungoti zimabwera mochedwa. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina ali pa kontirakiti, 5 peresenti ya mtengo wake igawidwe kwa makalabu amene adamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Palinso chipukutamisozi cha maphunziro chimene chimalipidwa mnyamata akasaina kontirakiti yake yoyamba kunja. Mu 2022 FIFA idatsegula ofesi yapadera ku Paris yoyendetsa malipiro amenewa. Ofesiyo simva zoti mudzi wonse ukudziwa kuti mwanayu adakulira pano. Imafuna kaundula wosonyeza kuti adalembetsedwa liti, ku timu iti, mpaka liti. Timu ya kumudzi imene idasunga masiku imadya nawo. Imene idadalira mutu imangomuonera pa kanema.

Pali phindu lina losawerengeka ndi makwacha. Timu ikatuluka mu ligi, chimene chimaigwira kuti isamwazikane ndi anthu okumbukira kuti idakhalapo. Ochemerera a Chicago Cubs adadikira chikho kuyambira 1908 mpaka 2016, zaka 108, ndipo m'zaka zonsezo bambo ankatha kuonetsa mwana wake tsamba la tsiku limene agogo adalira. Boma limene lili ndi mbiri yolembedwa ya timu yake limakhalanso ndi poyambira pokapempha thandizo ku kampani: nawa anthu amene ankabwera pabwalo, nawa osewera amene tidatulutsa.

Kufukula masiku 120 a TN Stars si ntchito ya boma kapena ya wopereka thandizo wakunja. Hadikava imodzi ya masamba 192 ikhoza kukwana, n'kutsalako a masewero a zikho. Tsamba lililonse tsiku limodzi: deti, bwalo, timu yolimbana nayo, anthu 11 oyamba ndi olowa m'malo, zigoli ndi mphindi zake, makadi, woyimbira, ndalama za pakhomo ngati zikudziwika, ndi mizere iwiri itatu ya zimene zidachitika, kaya mvula, kaya penate yokanganitsa. Nyuzipepala zakale zimasungidwa ku National Archives ku Zomba ndi ku nyumba zosindikizira zomwezo ku Blantyre. Malipoti a oyimbira akapemphedwe kwa oyendetsa ligi a SULOM ndi ku bungwe la mpira la FAM. Pamene magwero awiri asemphana, onse alembedwe, wina adzaweruza mtsogolo, monga zidachitikira pa nkhani ya Hack Wilson.

Chachikulu n'chakuti mboni zikadali moyo. Nkhani ya Chitalu idabuka patatha zaka 40, ya Gibson idakonzedwa patatha zaka 77 chimwalirireni, ndipo ofufuza adangodalira mapepala. Ku Kasungu goloboyi alipo, wogulitsa matikiti alipo, mayi amene ankachapa yunifomu alipo. Wofunsa ayambire kwa dalaivala amene ankanyamula timu: ndiye amadziwa nthawi imene ankanyamuka, kumene ankagona, amene ankatsalira chifukwa chochedwa, ndi zimene mphunzitsi ankanena m'basi pobwerera.